Zimene zojambula ndi zosema zimatiuza za nyama ndi mitengo ya kale

Funsani agogo a zaka 70 a ku Chia kuti chambo chachikulu chimatalika bwanji. Kenako funsani mnzanu wa Fomu 2 funso lomwelo. Onse awiri atambasula manja, koma manja a agogo atalikirana kwambiri. Palibe amene akunama. Aliyense akuyeza ndi chambo chimene anachipeza m'nyanja ali mwana.

Katswiri wina wa za nsomba, Daniel Pauly, analemba za vuto limeneli mu 1995. Iye anaona kuti mbadwo uliwonse umatenga nyanja ndi nkhalango zomwe unazipeza ngati kuti ndi mmene zinalili kuyambira kalekale. Ndiye nsomba zikamachepa, mitengo ikamatha, palibe amadzidzimuka, chifukwa woyeza aliyense akuyambira pamene mnzake anasiyira.

Kuti tidziwe zomwe zatayika tiyenera kupeza umboni wa mmene zinthu zinalili. Kamera ndi ya dzulodzuloli, inayamba kufala cha m'ma 1839. Nanga za zaka 500 kapena 5,000 zapitazo tizidziwa bwanji? Asayansi amafukula mafupa, amapima matope a pansi pa nyanja, komanso amawerenga zimene anthu anajambula ndi kusema. Munthu wojambula amaika pathanthwe nyama zomwe zili m'maso kapena m'mtima mwake, ndipo wosema amadula mtengo womwe uli m'nkhalango ya nthawi yake. Kotero luso lililonse lakale limasunga nkhani ziwiri: ya chinthu chojambulidwacho, ndi ya chinthu chimene anapangira. Tiyeni tione mmene nkhani ziwirizi amaziwerengera.

Mvuu m'chipululu

Tiyambe ndi kutali kuti mfundo imveke, kenako tibwerere kwathu. Kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Algeria, mkati mwa chipululu cha Sahara, kuli mapiri otchedwa Tassili n'Ajjer. Pamatanthwe ake pali zithunzi zoposa 15,000. Zakale kwambiri zikuonetsa njovu, kadyamsonga, mvuu ndi ng'ona. Zotsatira zake zikuonetsa abusa ndi ng'ombe zambirimbiri. Kenako pakubwera mahatchi, ndipo pamapeto penipeni ngamira.

Inu a kunyanja mukudziwa kuti mvuu siikhala pamchenga wouma. Ndiye mvuu ikutani ku Sahara? Yankho n'lakuti pakati pa zaka pafupifupi 11,000 ndi 5,000 zapitazo dera limenelo linali ndi udzu, mitsinje ndi nyanja. Nyanja ya Chad panthawiyo inali yaikulu kuposa Nyanja ya Malawi kakhumi ndi kupitirira. Mndandanda wa zithunzizo, kuchoka pa mvuu kufika pa ngamira, ndi mndandanda wa kuuma kwa dziko.

Chinasintha mvula n'chiyani? Apa ndi pa fizikisi. Mukazunguza nguli, imazungulira mwaliwiro, koma mutu wake umapendekera uku ndi uku pang'onopang'ono. Dziko lapansi limachitanso chimodzimodzi, ndipo limamaliza kupendekera kumodzi pa zaka pafupifupi 26,000. Zaka 10,000 zapitazo kupendekeraku kunachititsa kuti kumpoto kwa Africa kuzilandira dzuwa lamphamvu kwambiri m'nyengo yotentha. Mtunda ukatentha mpweya umakwera, ndipo mphepo yachinyezi ya kunyanja yamchere imalowa kudzatenga malo ake, n'kubweretsa mvula. Matope a nyanja zakale ndi mafupa a mvuu opezeka mumchenga zikugwirizana ndi zithunzizo. Mboni zitatu zosiyana zikanena chimodzi, wasayansi amayamba kukhulupirira.

Chongoni: zofiira ndi zoyera

Ifenso tili ndi matanthwe athu. M'mapiri a Chongoni m'boma la Dedza muli malo 127 okhala ndi zithunzi za pathanthwe, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ena mwa malo odziwika ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Zithunzi za kumeneko zili m'magulu awiri. Zofiira ndi zakale, ndipo anajambula ndi Akafula kapena kuti Abatwa, anthu amene ankakhalira kusaka nyama ndi kutola za m'tchire. Zambiri mwa zofiirazi ndi mizere ndi zozungulira, nyama ndi zochepa. Zoyera anajambula ndi Achewa, alimi, ndipo anapitiriza kujambula mpaka m'zaka za m'ma 1900. Zina mwa zoyerazi ndi nyama zotambalala miyendo inayi ngati ukuziona uli pamwamba, zofanana ndi buluzi, ng'ona, fulu kapena chikopa choyanika. Ofufuza anapeza kuti zimenezi zinkagwira ntchito pophunzitsa atsikana pachinamwali. Zina ndi zilombo za Gule Wamkulu, monga kasiyamaliro.

Za kudambwe ndi za eni ake, ife tikamba zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo. Taonani kuchuluka kwa nyama zomwe zimatuluka pagule: kasiyamaliro wooneka ngati nyama ya nyanga ya mtundu wa ntchefu, njovu imene imatuluka pa mwambo waukulu wa mfumu, mkango, fisi, nyani. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati mwana amakula osaonapo ntchefu kapena mkango wamoyo, koma maonekedwe ake ndi kayendedwe kake amazidziwira pabwalo. Gule wasunga nyama zomwe tchire la pafupi ndi mudzi linataya. Mukatsata msewu wa M5 kudutsa Salima mufika ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. M'nyumba ya Chamare kumeneko muli nkhope za gule mazanamazana, ndipo mukhoza kuwerenga nokha kuti za nyama ndi zingati.

Chifukwa chimene nyama zilili pakati pa mwambowu chikumveka mu nthano ya Kaphirintiwa. Nthanoyi imati poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anapekesa timitengo tiwiri, kolimba ndi kofewa, mpaka moto unabuka n'kutentha tchire. Galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, njovu ndi mkango zinathawa zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Ku fizikisi timati mphamvu ya manja inasanduka kutentha kudzera mu friction. Koma onani zimene makolo anazindikira: ubale wa munthu ndi zamoyo zina unasokonekera pa tsiku limene munthu anapeza chida champhamvu kuposa iye mwini. Aliyense amene waonapo phiri likuyaka mu Okutobala chifukwa cha osaka mbewa akudziwa kuti nkhaniyi sinathe.

N'chifukwa chiyani utoto wofiira sufufutika?

Mwina mukudabwa kuti penti wa pasitolo amasuluka patangopita zaka zisanu, pomwe utoto wa Akafula ukadalipo. Chinsinsi chili pa mwala umene ankapera. Mwalawo uli ndi hematite, amene ndi chitsulo chophatikana ndi okosijeni, m'bale wake wa dzimbiri lomwe mumaliona pamalata akale. Chitsulo chikachita dzimbiri chafika pamapeto, mpweya sungachisinthenso. Dzuwa nalonso silimuphwanya hematite ngati mmene limaphwanyira utoto wochokera ku masamba ndi maluwa. Komanso tizidutswa take ndi tating'ono kwambiri, timalowa m'timing'alu ta thanthwe n'kukhazikika momwemo.

Nanga kufiirako kumachokera kuti? Kuwala kwa dzuwa ndi mafunde, ndipo muli mitundu yonse ya utawaleza. Monga mafunde a mwera amasiyana kutalika ndi timafunde ta m'mawa nyanja ili bata, mitundu ya kuwala imasiyananso kutalika kwa mafunde ake. Funde la kuwala kwa buluu ndi lalifupi, ma nanometre pafupifupi 450, pomwe la kofiira ndi lalitali, pafupifupi 700. Hematite amameza mafunde aafupi, a buluu ndi obiriwira, n'kubweza aatali. Obwezedwawo ndi amene amalowa m'diso mwanu, inu n'kumati mwalawo ndi wofiira.

Utoto woyera wa Achewa ndi dothi loyera losakaniza ndi madzi, lopakidwa ndi chala. Dothili limabweza mitundu yonse ya kuwala pafupifupi mofanana, n'chifukwa chake limaoneka loyera. Koma limangomatirira pamwamba pa thanthwe, ndiye limakanganuka msanga. Zotsatira zake n'zodabwitsa: zithunzi zatsopano ndi zimene zili pangozi yaikulu kuposa zakale. Munthu akazikhudza ndi dzanja, akathirapo madzi kuti zioneke bwino pafoni, akasonkha moto m'phanga kapena kulembapo dzina lake ndi makala, amafafaniza umboni womwe sungabwezedwenso.

Kodi zaka zake amazidziwa bwanji?

Umboni wopanda deti ndi wopunduka. Njira yodziwika kwambiri yopezera zaka ndi ya kaboni-14. Chomera chikakhala moyo chimatenga kaboni mumpweya, ndipo kachigawo kochepa kwambiri ka kaboniyo ndi kaboni-14, amene amasweka yekha pang'onopang'ono. Nyama imamutenga podya zomera. Chamoyo chikafa chimaleka kutenga watsopano, ndipo amene analimo amachepa ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse.

Yerekezani thumba la mpunga la makilogalamu 40 lomwe limachepa ndi theka pa nthawi yofanana. Pakatha zaka 5,730 mwatsala 20. Pakatha 11,460 mwatsala 10. Pakatha 17,190 mwatsala 5. Mukayeza zotsala mukhoza kuwerengera chobwerera n'kudziwa nthawi yomwe yapita. Njirayi imagwira ntchito mpaka zaka pafupifupi 50,000, kupitirira apo zotsala zimakhala zochepa kwambiri moti siziyezeka bwino.

Vuto ndi ili: hematite ndi dothi loyera sizinakhalepo zamoyo, ndiye mulibe kaboni-14 woti awerenge. Chithunzi chojambulidwa ndi makala chimayezeka, monga mikango ya m'phanga la Chauvet ku France, yomwe ili ndi zaka zoposa 30,000. Inde, ku France kunali mikango. Koma pa zithunzi zofiira ngati za ku Chongoni, ofufuza nthawi zambiri amakumba pansi pa phangalo n'kuyeza makala ndi mafupa omwe apeza. Zimenezo zimatiuza nthawi imene anthu ankakhala m'phangamo, osati tsiku limene anajambula. Amayang'ananso kuti chithunzi chiti chili pamwamba pa chinzake. Ku Chongoni zoyera zimapezeka pamwamba pa zofiira, ndiye tikudziwa kuti zofiira ndizo zinayamba.

Chenjerani, wojambula si kamera

Mu 1515 chipembere chochokera ku India chinafika mumzinda wa Lisbon ku Portugal. Mmisiri wa ku Germany, Albrecht Dürer, sanachione ndi maso ake. Anangowerenga kalata ndi kuona kachithunzi ka munthu wina, n'kujambula chipembere chovala ngati zitsulo za msilikali, chokhala ndi kanyanga kena kakang'ono pamsana. Chithunzicho chinali chokongola kwambiri moti mabuku a ku Ulaya anachikopera kwa zaka zoposa 200. Kukongola si umboni.

Chitsanzo china ndi cha mavwende amene Giovanni Stanchi wa ku Italy anajambula m'zaka za m'ma 1600. M'kati mwake ndi moyera, kufiira kuli m'timagawo tozungulira njere basi. Akatswiri ena a zaulimi amati umu ndi mmene mavwende analili alimi asanasankhe mbewu zofiira kwambiri. Ena amati mwina linali vwende losapsa kapena losowa madzi. Chithunzi chimodzi sichingathetse mkangano, pamafunika zambiri zoyerekeza.

Kwathu kuno, taonani chizindikiro cha boma la Malawi: pali mkango, kambuku ndi nkhwazi. Wofufuza wa zaka 500 zikubwerazi akadzangoona chizindikirocho angadzaganize kuti mikango inali ponseponse. Chikhalirecho mikango inatheratu ku Majete ndi ku Liwonde, mpaka anachita kuibweretsa kuchokera kwina, ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018. Anthu amajambula nyama chifukwa amaiopa, amailemekeza kapena ili ndi tanthauzo pamwambo, osati chifukwa ndi yochuluka. Ndiye nyama ikapezeka pachithunzi, funsani ngati wojambulayo anaiona yekha. Ikasowa pachithunzi, musafulumire kunena kuti kunalibe. Akafula ankadya nyama zamitundumitundu, mafupa ake amapezeka m'mapanga, koma pamatanthwe anajambulapo kwambiri mizere.

Luso nalonso limadya

Tsopano nkhani yachiwiri ija, ya chinthu chimene luso limapangidwira. Imeneyi ikutikhudza ife a ku Nkhotakota mwachindunji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika kuno, doko lathu linali njira yaikulu ya akapolo ndi minyanga ya njovu. Zombo zamatanga zinkaoloka nyanja, ndipo katundu ankapitirira wapansi mpaka ku Kilwa, kenako n'kutumizidwa ku Zanzibar. Minyangayo inkakasanduka zibangili ku India, makiyi a piyano, zisa ndi tiziboliboli ku Ulaya ndi ku America. Kachiboliboli kalikonse ka mnyanga kamene kali m'nyumba zosungira zakale kunjako ndi njovu imene inafa.

Njala ya minyanga sinathere pa nthawi ya Jumbe. M'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, munali njovu zoposa 1,500, koma pofika 2015 opha nyama mozemba anali atasiya zosakwana 100. M'chaka chimenecho bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa pamalole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kubwezera chimene chinatha n'kodula kwambiri kuposa kuchisunga chikadalipo.

Mitengo nayonso ili m'nkhani yomweyi. Ziboliboli zakuda zomwe amagulitsa kwa alendo m'mbali mwa nyanja, zapamwamba zake zimasemedwa ku phingo. Kunja phingo amapangira zitoliro zodula zotchedwa clarinet ndi oboe, chifukwa thabwa lake ndi lothinana, lili ndi mafuta, ndipo silitupa msanga ndi chinyezi cha mpweya wa woimba. Koma mtengo wa phingo umatenga zaka 70 mpaka 100 kuti ufike podulidwa. Wosema amamaliza chiboliboli m'masiku ochepa. Werengani nokha kuti masamu amenewo atha bwanji. Mu 2017 malonda a phingo pakati pa mayiko anayamba kufuna chilolezo pansi pa mgwirizano wa CITES. Ku Mulanje zinafika poipa kale: mkungudza, mtengo wa fuko lathu, womwe amapangira mabokosi onunkhira aja, unadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse.

Apa musathamangire kuloza chala wosema. Iye akusaka fizi ya ana ngati kholo lina lililonse, ndipo mitengo yambiri imathera ku makala, ku matabwa ndi ku minda yatsopano. Koma wosema ndi amene amayamba kudziwa kuti mtengo ukutha, chifukwa chaka chilichonse amayenda mtunda wotalikirapo kuti aupeze. Ziboliboli zikamachepa msinkhu, kapena zikayamba kupangidwa ndi mtengo wina wopakidwa polishi wa nsapato kuti ude, chimenecho ndi chizindikiro cha mmene nkhalango ilili.

Yesani nokha

Phingo weniweni mukhoza kumuyesa ndi zimene munaphunzira za density. Density ya madzi ndi galamu 1 pa cm³ iliyonse. Ya mtima wakuda wa phingo ndi pafupifupi 1.2 kapena kuposerapo, pomwe ya mlombwa ndi pafupifupi 0.6. Ndiye phingo amamira, mlombwa umayandama. Pemphani kachidutswa kotsala kwa wosema, musadule mtengo ayi. Kayezeni pasikelo ya ku labu. Kamizeni m'silinda ya madzi n'kuona kuti madzi akwera ndi ma cm³ angati. Gawani kulemera ndi volume. Mwachitsanzo, kachidutswa ka magalamu 60 kakakweza madzi ndi 50 cm³, density yake ndi 1.2. Sankhani kachidutswa kakuda kokhakokha, chifukwa mbali yoyera ya kunja kwa mtengo ndi yopepukirapo ndipo ikhoza kusokoneza yankho.

Ntchito yachiwiri ndi ya kaundula. Yendani pamsika, padoko ndi pasukulu panu n'kulemba nyama ndi zomera zonse zojambulidwa pamakoma a masitolo, pamaboti, pazitenje ndi pazoumba. Pa chilichonse lembani tsiku, malo, dzina la chamoyocho, ndi chimene anajambulira kapena kusemera. Kenako tengani mndandandawo kwa agogo kapena kwa msodzi wamkulu, muwafunse mwaulemu mafunso atatu: kodi chamoyochi anachiona ali ana, kodi chikupezekabe, ndipo anachiona komaliza liti. Musaiwale kufunsa za mpasa, nsomba imene imakwera mtsinje wa Bua kukaswana. Mufunsenso za chambo, chomwe chajambulidwa pafupifupi pakhoma la lesitilanti iliyonse, pomwe mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yaikulu yakutha.

Mukamaliza muona magulu atatu: zamoyo zojambulidwa zomwe zikadali zambiri, zojambulidwa zomwe zikusowa, ndi zomwe agogo akuzikumbukira koma palibe amene akuzijambula. Gulu lachitatuli ndi limene limatayika mwakachetechete. Ngati muli ndi dzanja lojambula, yambirani pamenepo: khalani pansi ndi agogowo, akufotokozereni maonekedwe ake, mujambule, iwo akukonzeni mpaka avomere. Pansi pake lembani deti, mudzi, ndi mawu akuti mwajambula zomva kapena zoona ndi maso. Kopi imodzi musiye ku laibulale ya sukulu kapena kwa aphunzitsi a kalabu ya zachilengedwe, kuti a Fomu 1 a zaka 20 zikubwerazi adzakhale ndi poyambira kuyeza.